Mpata wa kunsi kwa chitseko

Mpaka lero ndikadutsa pa Chiringa pali amayi ena achikulire amene amandipatsa moni mwaulemu wonse, kenako n'kuyang'ana kumbali mapewa akugwedezeka. Ndimadziwa chimene akuseka. Nkhaniyi ndaikana zaka zambiri, ndipo nthawi zina ndinkanena kuti inachitikira mphunzitsi wina amene anasamutsidwa kalekale. Lero ndingovomera: mphunzitsi winayo ndi ine ndemwe.

Kwathu ndi ku Dowa. Ku Phalombe ndinapitako zipani zambiri zitangoyamba, muja sukulu inakhala yaulere ana n'kusefukira mpaka pansi pa mitengo. Nyumba za aphunzitsi zinali zitatha, ndiye ndinapeza kanyumba ka lendi chakuseri kwa msika. Kanali ka malata, chipinda chimodzi ndi pabalaza, mawindo ang'onoang'ono otchingidwa ndi zitsulo, ndipo khomo linali limodzi lokha. Kumeneko ndi kumene ndinakwatira Esinati, mwana wa konko, munthu wosalankhulalankhula koma amene akakuyang'ana umayamba kudzifunsa wekha chimene walakwa.

Chitseko cha nyumbayo chinali cha thabwa lenileni, cholemera, chotsegukira kunja. Vuto lake linali limodzi. Amene anachipanga ayenera kuti anayeza ndi maso ali pa njinga, chifukwa sichinkafika pansi. Kunsi kwake kunali mpata woti zala zanga zitatu zinkalowa bwinobwino. Mlendo akafika ndinkamudziwa ndi zala za kumapazi asananene odi.

Mpata umenewu unali ndi nyengo zake. Mwezi wa Juni munkalowa chiperoni, mphepo ija yozizira yobwera ndi kamvula kowaza, moti ndinkachonga makope a ana nditafunda bulangete ngati wodwala malungo. Okutobala munkalowa fumbi. Dzinja likafika, achule ndi abongololo ankabwera mwamawanja, ndipo tsiku lina tinapeza anapiye awiri a neba akuyendera pansi pa tebulo ngati abwera kudzaona nyumba yoti achite lendi.

Esinati anali ndi njira yake. Ankapinda chiguduli n'kuchitsamiritsa kunsi kwa chitseko, basi. Ndinene chilungamo, njirayo inkagwira ntchito. Koma ine ndinali mphunzitsi wa sayansi wa sitandade seveni (onani kumene mavuto amayambira), ndipo chiguduli ndinkachiona ngati chondichotsa ulemu. Munthu ukatuluka uchichotse, ukalowa uchibwezere, mvula ikagwa chinyowe n'kuyamba kununkha ngati galu wogona m'dambo. M'mawa wina ndikuchikoka, munatuluka chinkhanira mchira uli m'mwamba. Ndinalumpha mpaka pampando. Nditatsika ndinalengeza kuti nthawi ya chiguduli yatha m'nyumba muno, tsopano tiyamba kuganiza.

Ndinayamba ndi chubu chakutha cha njinga. Ndinachicheka m'litali n'kuchikhomera kunsi kwa chitseko kuti chizisesa pansi. Sabata yoyamba ndinkaitana aphunzitsi anzanga kudzaona. Sabata yachiwiri makoswe anadya pakati, ndipo mbali imodzi inang'ambika n'kumalendewera ngati lilime la ng'ombe yotopa. Ndinaikanso china, chopinda pawiri. Chimenecho chinkalira potsegula, kulira kwake kochititsa manyazi, koti munthu wodutsa ankatembenuka kuona amene wachita zimenezo.

Pafupi nafe pankakhala a Saidi, kalipentala wachisilamu amene ankagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango, pensulo ili kukhutu tsiku lonse. Tsiku lina ataona ndikulimbana ndi chubu chachitatu anabwera n'kugwada, n'kuyeza mpatawo ndi chala. Anandiuza kuti pangofunika kathabwa kopendekeka kokhomera kunja, kuti madzi a mvula azitsetsereka, ndipo kunsi kwake tisiye kampata kochepa ngati kunenepa kwa ndalama yachitsulo. Ndinawafunsa chifukwa chosiyira mpata pomwe mdani wathu ndi mpata womwewo. Anati thabwa limapuma, dzinja limafufuma, chilimwe limabwerera.

Ndinaseka. Ndinawafotokozera mofatsa, ngati mmene ndinkachitira ndi ana ochedwa kumva, kuti chinthu chimene chinadulidwa sichipumanso. A Saidi anangobwezera pensulo kukhutu n'kunena kuti, “Chabwino aphunzitsi, inu ndi amene munapita kusukulu.”

Ndinkaganiza kuti akundiyamikira.

Nthawi imeneyo Esinati anali woyembekezera mwana wathu woyamba. Mwezi wake utayandikira, chakumayambiriro kwa chaka mvula ili pakati, apongozi anga anabwera kuchokera kwa Mkhumba kudzadikirira. Amayi amenewa chikwatirire mwana wawo anali asanandilankhulepo maso ndi maso. Si kuti ankadana nane, ndi ulemu wake wa mkamwini ndi apongozi. Akafuna kundiuza kanthu ankauza Esinati, ngakhale ine ndili pomwepo, ndipo ine ndinkayankha kudzera kwa Esinati yemweyo, ngati anthu olankhulana pa wayilesi ya apolisi.

Iwo ankagona pabalaza, pamphasa, pafupi ndi chitseko chija. M'mawa wa tsiku lachitatu anapeza chule atakhala phee m'kati mwa nsapato yawo. Sanakuwe. Anamukhuthulira panja, n'kuuza mwana wawo ndi mawu okwanira kufika kuchipinda kumene ndinkavala kuti kwawo nyumba ndi yaudzu, koma chitseko chimafika pansi.

Mawu amenewo anandilowa ngati minga ya m'chidendene. Ndinapita nawo kusukulu, ndinabwera nawo, ndinagona nawo. Pofika Loweruka ndinali ndi pulani.

Kumsika kunali bambo wina wosoka nsapato za matayala a galimoto. Anandidulira chidutswa chachitali, chokhuthala, choti khoswe akachiluma akasiya mano pomwepo. Mnzanga wina amene ankamanga golosale anandipatsa simenti yotsala m'beseni. Misomali ndinapeza yaitali kwambiri, chifukwa yaifupi inali itatha, koma ndinati bola, igwira zolimba.

Ndinakhomera tayala lija kunja, kunsi kwa chitseko. Misomali inaboola thabwa n'kutulukira m'kati, yonse khumi ndi iwiri. Kuti isabaye munthu ndinaipinda kuyang'ana pansi, ikhale ngati mbedza. (Mbedzazi muzisunge m'mutu. Ine sindinazisunge.) Kenako panabwera nzeru yaikulu, imene ndinkaona kuti a Saidi sakanaifikira ngakhale atapatsidwa chaka. Ndinaganiza zomanga kamzere ka simenti m'kati, kotsamira chitseko chili chitsekere, kuti simentiyo itenge maonekedwe enieni a chitsekocho, pasatsale ngakhale polowa nyerere. Ndinali nditaganizira zonse. Simenti simamatira ku mphira. M'mawa ndikangokankha, chitseko chidzatseguka, kamzere kadzatsala kokongola.

Izi zinkatanthauza kuti chitseko chisatsegulidwe mpaka kutacha, ndipo chimbudzi chinali panja. Ndiye tinadya msanga dzuwa lisanalowe, kenako ndinapempha Esinati kuti auze amayi kuti ngati ali ndi ulendo wa kuseri apitiretu, chifukwa khomo litsekedwa. Esinati anandiyang'ana nthawi yaitali. Anandifunsa ngati ndikudziwa mwezi umene iye ali. Ndinayankha kuti anamwino anati kwatsala masabata awiri, ndipo simenti imangofuna usiku umodzi. Masamu ake anali osavuta.

Apongozi anapita kuseri, anabwerako, n'kukhala pamphasa manja ali pamiyendo. Ndinatseka chitseko, n'kugwada ndi supuni yaikulu. Simenti ndinaikanda yamphamvu, mchenga wongolawitsa, ndipo ndinaikankhira bwinobwino mumpata monse mpaka kukhudza tayala, n'kuikweza m'kati kufika pamwamba pa timisomali topinda tija kuti tisamaoneke. Ndinasalaza ndi kumbuyo kwa supuni. Ndinalembaponso chaka ndi kamtengo ka machesi. Apongozi ananena mawu angapo m'Chilomwe, Esinati n'kutseka pakamwa ndi nsalu. Mawu amenewo mpaka lero amakana kundimasulira.

Mvula inagwa usiku wonse, yochokera kuphiri, yomenya khomo mwachindunji. M'nyumba simunalowe dontho ngakhale limodzi. Ndinagona ngati munthu amene wapambana chisankho.

Kutangocha, Esinati anandigwedeza phewa n'kundiuza motsitsa kuti matenda ayamba. Anati anayamba kumva kalekale koma amafuna atsimikize. Apongozi anali atamanga kale kathumba ka nsalu, beseni lili m'manja, ataima pafupi ndi khomo. Ndinavala malaya mozondoka, ndinachotsa loko, ndinakankha chitseko.

Sichinasunthe.

Ndinakankhanso ndi phewa. Chakumwamba chinagwedera pang'ono, koma kunsi chinali ngati chamera mizu. Ndinabwerera m'mbuyo n'kuchimenya ndi phazi, ululu n'kukwera mpaka m'chiuno. M'mbali monse thabwa linali litafufuma ndi mvula n'kuthinana ndi felemu, moti ngakhale lezala sakanalowa. Apo m'pamene ndinakumbukira zinthu ziwiri nthawi imodzi: mawu a a Saidi akuti thabwa limapuma, ndi mbedza khumi ndi ziwiri zimene ndinazikwirira ndekha mu simenti ndi supuni.

Hamala ndinali nditaisiya pakhonde. Khasu, nkhwangwa ndi munsi zinali kukhitchini, panja. M'nyumba munali mipeni iwiri, makope a ana ndi simbi ya makala. Ndinayamba ndi mpeni, unapindika. Ndinatenga simbi n'kuyamba kumenya kamzere kanga kokongola kaja. Kanabenthuka pang'ono pakona, chogwirira cha simbi n'kuthyoka. Kumbuyo kwanga Esinati anali atagwira tebulo ndi manja onse awiri, akupuma ngati munthu wokwera phiri ndi mtolo wa nkhuni.

Pamenepo kuseka kunalibe. Ndinaona nkhope ya mkazi wanga, thukuta lili mbwee m'mawa wozizira. Anamwino anali atatiuza kuti popeza ndi mwana woyamba, komanso Esinati ndi wamng'ono thupi, asayerekeze kuchirira kunyumba. Ndinali nditavomera ndi mutu tsiku limenelo ngati bambo wodziwa udindo wake.

Apongozi anaika beseni pansi, anatembenuka, n'kundiyang'ana m'maso koyamba chikwatirire mwana wawo.

“Bambo, siyani simbiyo. Pitani pawindo mukakuwe.”

Ndinapita pawindo. Linali Lamulungu, ndipo m'njira munkadutsa amayi ovala zoyera akupita kutchalitchi, akudumpha zithaphwi nsapato zili m'manja. Poyamba ndinayesa kuitana mwaulemu, ngati mphunzitsi. Ndinati pepani amayi, tabwerani kuno pang'ono. Palibe anamva. Apongozi anandikankhira pambali n'kuika pakamwa pa zitsulo, ndipo mawu amene anatuluka m'thupi laling'ono lija anaimitsa njira yonse.

Amayi aja anathamangira kunyumba kwathu. Wina anafunsa ngati kiyi watayika. Wina anafunsa ngati akuba atitsekera kunja. Ndinayenera kufotokoza, nkhope ili pakati pa zitsulo ziwiri ngati mkaidi, kuti palibe wakuba, ndadzimangira ndekha ndi simenti. Ndinafotokoza katatu, chifukwa aliyense wofika kumene ankafuna kumva kuchokera kwa mwiniwake. Ena mwa amayiwo anali makolo a ana a m'kalasi mwanga. Anayesa kukoka chitseko anayi nthawi imodzi, chogwirira n'kuzuka, mmodzi n'kukhala pansi m'matope ndi zoyera zake.

Mayi wina anathamanga kukaitana a Saidi. Anafika ndi thumba la zida, osathamanga koma osachedwa. Anagwada pakhonde, anagwira tayala lija, anagogoda kunsi kwa chitseko, kenako anabwera pawindo.

“Aphunzitsi, mphepo inalowa usiku?”

Ndinati ayi.

“Achule?”

Ndinati ayi.

“Ndiye ntchito munaigwira,” anatero, n'kuyamba kumasula mahinjesi.

Mahinjesi atachoka chitseko chinaimabe chilili, chogwidwa ndi felemu m'mbali ndi misomali yanga kunsi. A Saidi analowetsa tchizulo pansi pa tayala n'kumamenya ndi hamala yanga yomwe, imene anaitola pakhonde. Amuna awiri amene ankapita kutchalitchi anavula majekete n'kulowetsa mpini wa khasu chakumwamba. Ine m'kati anandiuza kuti ndizikankha akawerenga kufika pa atatu. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Esinati amati mwina theka la ola. Kwa ine zinali ngati temu yathunthu. Ulendo wachinayi kunamveka kuthyoka, chitseko chinagwera panja, ine n'kugwera pamwamba pake chafufumimba, pamaso pa mpingo wonse.

Palibe anandidzutsa, ndipo anachita bwino. Amayi aja anandilumpha n'kulowa kwa Esinati.

Vuto lina linali likutidikira. Esinati sakanathanso kukhala pa njinga, ndipo njira yopita kuchipatala inali phala lokhalokha, kamtsinje ka pakati katadzaza mpaka m'mawondo. Galimoto tsiku limenelo ngakhale ya mlendo kunalibe. Anthu anayamba kufunsana za machira, wina akuti tidule nsungwi, wina akuti tibwereke kumpingo. A Saidi anayang'ana pansi n'kunena kuti machira ndi awa agona apawa.

Anayala bulangete ndi zitenje pachitseko, Esinati n'kugonekedwa pamenepo. Tinanyamula anthu anayi, a Saidi ndi mmodzi wa amuna aja kutsogolo, ine ndi winayo kumbuyo. Mbali imene inandigwera ine inali ya kunsi, ya tayala, kumene zibuma za simenti zinali zikulendewerabe ku misomali. Inali yolemera kuposa mbali zonse, ndipo msomali umodzi unkandikanda pamkono pa sitepe iliyonse. Sindinadandaule. Ndikanadandaulira ndani?

Tinadutsa pakati pa msika anthu akuyala kumene malonda. Kutsogolo kunali apongozi ndi beseni pamutu, m'mbali amayi a zoyera atagwira zitenje kutchinga Esinati, ndipo nkhani inkayenda patsogolo pathu kuposa ife. Bambo wa nsapato uja anaima n'kuloza tayala lake. Ndinamva wina akufotokozera mnzake kuti aphunzitsi anamata banja lawo m'nyumba poopa chule. Powoloka kamtsinje madzi anandifika m'ntchafu, nsapato imodzi n'kupita. Esinati anatambasula dzanja n'kugwira tsitsi langa, ndipo ululu ukabwera ankakoka. Mpaka lero sindidziwa ngati unali ululu wokha.

Titafika, anamwino anamulandira msanga n'kutitsekera kunja. Chitseko tinachitsamiritsa pakhoma la chipatala, ndipo ine ndinakhala pansi pambali pake, phazi limodzi lopanda nsapato, mkono ukutuluka magazi. Odwala ena ankabwera kudzachiona. Bambo wina wachikulire anachiyang'anitsitsa, n'kundifunsa ngati ndikudziwa chitsiru chimene chinakhoma misomali imeneyi. Ndinati ndimachidziwa pang'ono.

A Saidi sanachoke. Anakhala nane mpaka dzuwa litafika pamutu, osanena kanthu za thabwa kapena za sukulu. Nthawi ina anangondiuza kuti mkazi wawo nayenso pa mwana woyamba anavutika, koma anachira bwino.  M'malo mowapepesa ndinangoti zikomo, iwo n'kugwedeza mutu.

Masana apongozi anatuluka. Anaima patsogolo panga, ine n'kudzuka mothamanga.

“Wachira. Ndi wamkazi,” anatero. Anayang'ana phazi langa lopanda nsapato. “Dzina ndamupatsa kale. Ndi Tsekulani.”

Ine ndinali nditakonza dzina lina, labwino, limene ndinalisankha miyezi isanu m'mbuyomo n'kulilemba kuseri kwa buku la mapulani a maphunziro. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma ndinaona kuti tsiku limenelo silinali loti ine n'kuperekanso maganizo pa chilichonse.

Chitseko tinachibweza madzulo omwewo, ulendo uno pa njinga. A Saidi anazula tayala, anagumula simenti yotsala, anapala m'mbali, n'kukhomera kathabwa kawo kopendekeka, ndi kampata kake kochepa kunsi. Ine ntchito yanga inali kuwapatsira misomali. Lolemba kusukulu ndinapeza aphunzitsi anzanga atandisiyira mpando pafupi ndi khomo, ati popeza ndine katswiri wa zitseko ndiziyang'anira. Mutu wa sayansi wonena za kufufuma kwa zinthu ndinapempha mnzanga kuti auphunzitse chaka chimenecho.

Mwana uja pano ndi mayi wa ana ake. Pa mapepala a sukulu pali dzina ndinasankha ine lija, koma kwa Mkhumba mukalitchula palibe angakulozereni nyumba. Iye atakula anafunsa chifukwa chake anamutcha Tsekulani, ndipo amayi ake anamuuza kuti akafunse bambo ake. Ndinamuuza kuti limatanthauza kutsekula madalitso. Anakhulupirira mpaka ali sitandade faifi, pamene agogo ake anamuuza zonse, ndi manja omwe, kuphatikizapo mmene ndinagwera.

Phunziro ndinalitenga, ndipo ndimauza achinyamata kuti mmisiri akakuuza kuti siya kampata, siya kampata. Koma poti lero ndaganiza zonena zoona zokhazokha, ndinenenso ichi. Nthawi zina ndikakhala ndekha pakhonde ndimaiganizirabe pulani ija, ndipo sindiona pamene inalakwika kwenikweni. Misomali ija ndikanangoipindira m'mwamba, bwenzi pano tikukamba zina. Ndinayesa kumufotokozera Esinati zimenezi chaka chatha, titasamukira m'nyumba yathu yatsopano. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Mawa lake hamala sindinaipeze, ndipo mpaka pano aliyense m'nyumba muno akuti sakudziwa kumene ili.